Makobidi a Abambo Atayamba Kuda

Abambo anagwira ntchito yophika m'sitima zapanyanja moyo wawo wonse, ndipo chimene anatisiyira ndi chitini cha mabisiketi chodzaza makobidi agolide a m'mayiko amene anapondamo. Ena anali ndi mutu wa mfumu yandevu, ena mayi wovala chisoti, ena mbalame ya mitu iwiri, zilembo zake zoti ngakhale mphunzitsi angangozigwedezera mutu. Atamwalira, chitinicho chinabwera kwanga chifukwa ndine ndinali ndi kabati yokhoma.

Achimwene sanakondwe nazo. Iwo ndi munthu wosalankhula kawiri, ndipo munthu wina amene anaba matayala kugalaja kwawo mpaka lero amayenda motsimphina. Anandiuza pamaso pa mwamuna wanga kuti, "Mlongo, likadzasowa limodzi, ine sindidzavutitsa apolisi." Ine ndi pakamwa pangapa ndinawabwezera pomwepo kuti bambo a ana anga si mbala, mpaka ndinalumbira pali amayi.

Tsono amayi atafunika opaleshoni ya diso, tinagwirizana zokagulitsa. Mwamuna wanga anatitenga ine ndi achimwene pagalimoto yake m'mawa, koma titafika anati atsala panja, akuti mumsewu umenewo amaba magalasi.

Shopu ya wogula golide inali yopanikiza, fungo lake ngati la batire lotayikira. Chitseko chinali chazitsulo, chotseguka pokhapokha mwiniwake akadina batani pansi pa kauntala. Mwiniwakeyo, mkulu wadazi, anakhuthula chitini pansalu yakuda, n'kuika kagalasi padiso.

Ankagwira ntchito mosapupuluma, moti ine ndinayamba kunyong'onyeka. Khobidi lililonse ankaliika pasikelo, kenako n'kuligwetsa pagalasi la kauntala, khutu ali tcheru. Lina linkalira ngwee, kulira kotalika. Lina linkangoti phwa. Lotero ankalikhutiza pakamwala kakuda mpaka lisiye mzere, kudonthezapo mankhwala a m'kabotolo, mzere uja n'kuzimiririka. Anapanga milu iwiri. Wa kumanja unali waung'ono, wa kumanzere unkangokula.

"La mbalameli ndi losowa," anatero, akuloza kumanja. "Pamodzi ndi anzakewa, diso la mayi anu litheka."

Ndinapuma. Koma achimwene maso awo anali kumanzere.

"Amawapukuta ndani?" mkuluyo anafunsa.

"Ndine," ndinayankha monyadira, chitsiru ine. "Mwezi ndi mwezi, ndi mankhwala otsukira mano ndi kansalu. Abambo ankadana ndi chinthu chakuda. Ndikangowalekerera amachita zobiriwira m'mphepetemu."

Mkulu uja anachotsa kagalasi padiso n'kundiyang'ana momvetsa chisoni.

"Golide sada, mayi. Mutamukwirira m'dothi, mdzukulu wanu adzamufukula akuwala. Awa akumanzerewa ndi mkuwa wopakidwa golide pamwamba. Munthu ankatenga lenileni, kukapangitsa lofanana nalo, n'kubwezeramo labodza. Ntchito yake si yakale. Mukanapanda kumapukuta, bwenzi aliyense ataona msanga kuti asiyana."

Zaka zonsezi ndimakhala pamkeka, kukhula, kupukuta, kuimba nyimbo, osadziwa kuti ndikufufutira wakuba mapazi. Achimwene akabwera kudzaona chitini ankapeza zonse zili waliwali, chiwerengero chili chomwecho, n'kumapita.

"Anayamba liti kuda?" anafunsa achimwene. Mawu awo anali ofatsa, ndipo kufatsa kumeneko ndimakudziwa kuyambira tili ana.

Ndinkadziwa bwino lomwe. Anayamba chaka chimene mwamuna wanga anachotsedwa ntchito. Chaka chomwecho anabwera ndi galimoto, akuti mnzake wamupatsa kuti azilipira pang'onopang'ono, ndipo ine ndinavina pabwalo anthu akuona. Kiyi wa kabati ndinkamubisa m'thumba la pilo, pilo amene tonse awiri timagonera.

"Sindikukumbuka," ndinatero.

"Ukukumbuka."

"Mwina abambo anapusitsidwa kumene ankagulako."

"Abambo ali moyo sanapukutepo n'kamodzi komwe," anatero achimwene.

Anatola khobidi limodzi lamkuwa, analitembenuza, n'kuliika m'thumba la malaya. Kenako anavula wotchi yawo n'kundipatsa kuti ndiwasungire. Anathokoza mkulu uja mwaulemu wonse, n'kumupempha kuti atsegule chitseko.

Mwamuna wangayo ndinamukwiyira moti ndikanamulavulira kumaso. Komabe ndi bambo a ana anga, ndipo ndinachita mantha kuti madzulo ndikawauza chiyani anawo.

"Musatsegule, bambo, chonde," ndinatero.

Mkuluyo anayang'ana ine, anayang'ana achimwene, dzanja lili pansi pa kauntala, osadina.

Pomwepo wina anagogoda pazitsulo. Anali mwamuna wanga, atatopa kudikira, makiyi a galimoto akuwazunguza pachala. Anasuzumira, akumwetulira mwamantha, n'kufunsa ndi manja ngati zatheka. Kenako anaona milu iwiri ija pansalu, ndipo makiyi anasiya kuzungulira. Ndinamupukusira mutu kuti athawe, koma iye anangoima pomwepo.

"Mutsegulireni," anatero achimwene, akupinda mkono wa malaya. "Ameneyu ndi wa m'banja, nayenso amve mtengo wake."