Bowa wa Amayi ndi Impso Yanga

Chitulukireni m'chipatala, mchimwene wanga Khiem amamwa mapiritsi ofooketsa chitetezo cha m'thupi, kuti thupi lake lisakane impso imene ndinam'patsa. Ine mtima sukhala m'malo. Akatsokomola ndimathamanga, akachedwa kuchimbudzi ndimagogoda.

Lolemba nsomba zanga zinatha msanga kumsika, ndipo nditafika pakhomo ndinamva fungo lowawa. Amayi anali atanyonyomala pambaula, akukupiza moto. Mumphika wadothi munkawira bowa wouma wofiira uja, amene kuno mumzinda wa Can Tho aliyense amagulira wodwala wake.

"Amayi, n'chiyani chimenechi?"

"Wolimbitsa thupi. Mwana wangotsala mafupa, madokotala ako n'kumam'mwetsa zofooketsa. Unazimvapo kuti?"

"Wamwa kangati?"

Anayang'ana kumbali. "Masiku anayi okha."

Khiem anatulukira atagwira kapu, akumwetulira mwamanyazi. "Achemwali, amayi ndikanawakanira bwanji?"

Ndinam'landa kapuyo n'kuimbira dokotala. Iye anati tipite pompo akamuyeze magazi. Ndikuliza njinga yamoto, amayi anabwera chothamanga ndi botolo atatsanuliramo madzi a bowa otsalawo, ati Khiem azikamwa panjira.

Ndinapinda malaya n'kuwaonetsa chipsera cha m'nthiti mwanga.

"Amayi, bowayu akadzutsa chitetezo chake, chiyamba kumenya impso imene madokotala anachotsa apa. Ine ndatsala ndi imodzi. Ikafa ya Khiemyo, ina mupereka ndinu?"

Anachiyang'anitsitsa chipseracho, n'kuchikhudza ndi chala chonunkha utsi. Kenako anatsegula botolo lija n'kulikhuthulira m'ngalande.