Mapiko Awiri a Kumanzere

"Kodi mapiko apansiwa wamata ndani?" anafunsa Che Swadick, telala wa ku Nkopola, mnzawo wa bambo anga. Anali atanyamula kandege ka timatabwa ngati mwanapiye.

Amayi anapitiriza kusankha mpunga. Ababa anayang'ana kukhoma, ndipo mwatsoka kukhomako ndi kumene kuli digiri yanga ya uinjiniya.

Ababa, a Simioni, anatchetcha udzu pabwalo la ndege ku Makokola zaka makumi awiri osakwerapo ndege. Tsiku lopuma ntchito, woyendetsa ndege wina anawapatsa katoni. Munali timatabwa ta balisa topepuka ngati mapesi, guluu, ndi pepala lalikulu lojambulidwa ndege yachikale ya mapiko osanjikizana. Mwezi wathunthu anakhala pakhonde ndi lezala ndi mapini obwereka kwa Che Swadick. Chingerezi cha m'malangizo sankachimva. Ankangoyang'ana chithunzi, n'kusisita thabwa ndi chala monga ankachitira posema bwato ali mnyamata. Thupi la ndegeyo ndi phiko lapamwamba zinatuluka zowongoka.

Kenako ndinafika ine kuchokera ku Blantyre, ntchito osaipeza, manja akuyabwa.

"Ndipatseni, ababa. Zimenezi zimafuna wowerenga."

Anandipatsa.

Papepalapo panajambulidwa phiko limodzi lokha lapansi. Nditamaliza loyamba, ndinayala timatabwa ta lachiwiri pomwepo.

"Tikhala, mwana wanga, bwato lili ndi mbali ziwiri," anatero ababa. "Bwanji ulitembenuze pepalalo?"

"Malangizo sakutero."

Koma malangizowo ankaterodi. Ndinaziona guluu atauma kale, patsamba lomaliza, m'zilembo zikuluzikulu. Mapiko anga onse awiri anali a kumanzere. Lachiwirilo ndinalimatabe kumanja, chammbuyo, n'kukhala chete, poganiza kuti ababa sazindikira.

Tsopano Che Swadick ankaitembenuza ndegeyo uku ndi uku, akuseka.

"Ine nditasoka malaya mikono yonse ya kumanzere, mwini wake angandithamangitse mpaka pamlatho. A Simioni, maso ayamba kukuthawani eti?"

"Ayamba, achimwene," anatero ababa. "Ukalamba."

"Nanga injiniya wathuyu osakuthandizani?"

"Amatanganidwa ndi makalata a ntchito."

Amayi anandiyang'ana kamodzi kokha, n'kubwerera kumpunga wawo. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiulule. Koma ndinangofunsa Che Swadick ngati angamwe tiyi wina.

Mlendo atapita, ndinatenga lezala n'kukagwada pafupi ndi mpando wa ababa.

"Ababa, munadziwa liti?"

"Tsiku lomwelo."

"Ndiloleni ndilimatule. Timatabwa totsala tilipo, ndipanga lina. Ndipo Che Swadick ndikawauza ndekha."

Anandilanda lezalalo pang'onopang'ono, n'kuliika m'thumba la malaya. Anaomba fumbi pa phiko lolakwikalo.

"Ayi. Ndegeyi ipachikidwa momwemo, pabalaza, pambali pa pepala lako la digirilo. Kapeze msomali."