Chitenje cha ukwati wa ku Zemba

Lachinayi ndinabwerako kumunda msana utauma ndi kutola thonje. Nditatsegula sutikesi ndinapeza chitenje changa chatsopano chili ndi bowo loti mbale n'kudutsapo. Ndi chija tinagula chofanana azimayi onse a pabanja, choti tikavale Loweruka ku ukwati wa mwana wa alamu anga ku Zemba. Wopanda chitenjecho sakhala pamzere wa achibale. Amakakhala kuseri ndi otsuka mapoto.

"Olipa! Makoswe a muno agula sizasi?"

Mwana wanga wa Giledi 3 anayang'ana pansi. "Ndine, amama. Amadamu anati tibweretse tinsalu tokongola."

M'mawa mwake ndinamukoka dzanja mpaka kusukulu, thonje ndalisiya m'munda. Tinapeza ana ali pansi, azungulira bulangeti la zigamba. Nsalu yanga ndinaiona ndili pakhomo: tizidutswa tinayi tosongoka, tosokedwa uku ndi uku.

"Madamu Cathrine, ine sukulu ndinalekera Giledi 2, koma masamu ndinkawaona akulembedwa ndi choko. Za sizasizi zayamba liti?"

"Pepani, amake Olipa. Tikuphunzira zinthu za makona atatu ndi za makona anayi. Mwana akagwira ndi manja saiwala. Ndikubwerekeni chitenje changa?"

"Chanucho ndi cha banja lathu? Sulani nsalu yanga."

"Bulangetili makolo adzaliona Lolemba."

"Ukwati ndi mawa. Mawa ndi Lolemba, choyamba kufika n'chiti? Masamu amenewo ndimawadziwa."

Anasula. Anandipatsa tizidutswato m'manja. Bowo ndi limodzi, la makona anayi. Tinsalu tosongoka ngati makutu a galu tingatseke bwanji? Ndinatembenuza, ndinatembenuzanso, pena kutsala mpata, pena kusanjikizana. Ndinakhala pabenchi.

"Amama, simukutha. Bweretsani."

Olipa anayala chitenje pansi. Anatenga kamodzikamodzi, nsonga zonse n'kuzilozetsa pakati. Bowo linatsekeka, ngakhale maluwa anakumana.

"Ndinapinda kona ndi kona, kawiri, n'kudula mopindamo," anatero.

"Mwamva?" Amadamu anamwetulira.

"Ndamva kuti wakuba wanga ndi wanzeru. Tsopano asoke ndani?"

"Mukasokera kunyumba, mayi."

"Ndi maso ati? Mwadulitsa ndinu, musoka ndinu. Ulusi wopyapyala, osati wa matumba."

"Ndiye mutisiyire chotsekera bulangeti lathu."

Ndinavula duku wanga wakale n'kumuponya patebulo. "Uyu. Koma adule Olipa, enawa andiwonongera."

Amadamu anasoka mpaka belu la masana, ine ndikuwodzera pabenchi ya ana, mutu uli pamtunda.

Loweruka ndinachimanga chitenjecho msoko uli mkati mwa mpindo, n'kukhala pamzere wa achibale. Alamu anandifunsa chifukwa chake sindikudzuka kukavina.

"Msana, alamu," ndinatero, dzanja lili pachigamba.