Khadi la Achemwali

"Ligwireni ndithu bambo, silikuluma," anatero mayi wosindikiza makhadi, akukankhira chitsanzo chachitatu patebulo.

A Levulo anayamba apukuta zala pa thalauza asanalinyamule. Anali mmisiri wa matabwa, ndipo dzinali analitengera kuntchito, chifukwa shelefu sinkatuluka m'shedi mwawo asanaiyeze kawiri ndi levulo. Munthu wotere akagwira chinthu chopangidwa bwino amachidziwa. Khadilo linali lochindikala, m'mbali mwake mosalala, zilembo zake zagolide zotukuka moti chala chinkazimva. Mtima wawo unathera pomwepo.

"Ndalama mwanenazi zikukwana makhadi 160 a mtundu woyamba uja, wamba," mayiyo anapitiriza akudina kakyuleta. "Agolidewa, lililonse ndi dzina la mlendo wake komanso envulopu yake, mupeza 90. Osapitirira."

"Pamndandanda wanga pali mayina 150."

"Ndiye tengani wamba, mutsale ndi yogulira sopo. Khadi sadya, bambo. Anthu amaliwerenga kamodzi, kenaka amakupizira mphepo."

Malangizowo anali abwino, koma anagwera pa munthu wa chilonda. Mwana wawo wamkazi, mmodzi yekhayo, ankakwatiwa kubanja la anthu opeza bwino. Akuchimuna anali atatenga holo, chakudya ndi zoimbira zonse, ndipo bambo a mnyamatayo anawasisita paphewa a Levulo nkunena kuti, "Inu musavutike, ingotipangirani timakhadi, ngakhale ta fotokope." Ananena mokoma mtima, koma mawuwo anawabaya a Levulo mpaka m'mafupa. Anatsimikiza kuti chinthu chimodzi chimene anawasiyiracho chidzawatseka pakamwa anthu amenewa.

"Agolidewa," anatero.

Mayiyo anawayang'ana modutsitsa maso pamwamba pa magalasi. "Nanga anthu 60 enawo muwauza chiyani?"

"Zimenezo ndi zanga."

Lamlungu masana anakhala pakhonde ndi mndandanda uja, pensulo yawo ya ntchito ili kukhutu. Mayina 50 anali a kuchimuna, osakhudzika. Ndiye kuti pa anthu awo 100 anayenera kusiya 40 okha. Kudula thabwa nkosavuta, koma apa pensulo inkalemera. Anayamba ndi anansi a nyumba zakumbuyo, kenaka anzawo a kwaya, kenaka abale akutali amene amangoonana nawo pamaliro. Ena sanawakhudze: mwini shedi imene ankachita lendi, munthu wamwano amene ankakweza mtengo chaka chilichonse, wogulitsa matabwa, mphunzitsi wamkulu amene ankawapatsa ntchito ya madesiki. Anthu otere ukawaiwala amakumbukira.

Atawerenga kachitatu anapeza 41. Dzina limodzi linayenera kuchoka, ndipo maso awo anagwera pamwamba penipeni pa pepalalo, pamene analemba kuti Achemwali.

Achemwali awowo anali mlongo wawo wamkulu, telala wa mayunifolomu a sukulu, amene sanakhale ndi mwana wawowawo. Mkazi wa a Levulo atamwalira, mtsikanayo ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, iwo ndi amene anamutenga. Anamulera zaka khumi ndi chimodzi ndi makina opalasa ndi phazi. M'nyumba mwawo munali kabati ya galasi, ndipo m'menemo ankaimika makhadi a maukwati a ana a anthu ena, ena ofiira ndi ukalamba. Pakati pa shelefu yapamwamba ankasiyapo malo. Aliyense wa m'banjamo ankadziwa kuti malowo ankadikira chiyani, ndipo a Levulo ankadziwa kuposa onse, poti kabatiyo anakhoma ndi iwo.

Koma munthu akafuna kuchita chinthu sasowa chifukwa. "Achemwali ndi eni ake a ukwatiwu," anadziuza. "Angaitanidwe bwanji ku ukwati wawo womwe?" Anajambula mzere wowongoka bwino, monga mwa chizolowezi chawo, nkubwezera pensulo kukhutu.

Makhadi atatuluka, a Levulo, mwana wawo ndi Achemwali anakhala patebulo kuwalowetsa m'maenvulopu. Achemwali anasamba m'manja kawiri. Khadi lililonse ankaliwerenga dzina mokweza, nkulipendeketsa kuti golide awale, nkupukusa mutu ndi chisangalalo.

"Achimwene, apa mwagwira ntchito. Akuchimuna akagona ndi mutu."

A Levulo anamva kukoma mpaka kuphazi. Mulu unatsika pang'onopang'ono mpaka khadi lomaliza, la mwini shedi. Achemwali analigwira nthawi yaitali kuposa enawo, kenaka anasuzumira m'katoni mopanda kanthu.

"Bambo, nanga la azakhali lili kuti?" mtsikanayo anafunsa.

"Azakhali ako ndi a m'nyumba. Makhadi ndi a alendo."

"Koma bambo..."

"Asiye bambo ako," Achemwali anadula akuseka. "Ine ndingasochere njira ya ku ukwati wako? Bweretsa guluu uyo timate."

Anamata envulopuyo mosamala, nkuisindikiza ndi chikhatho. A Levulo anaona kuti kuseka kuja sikunafike m'maso, koma anasankha kuyang'ana kwina.

M'mawa wa tsiku la ukwati anapita kuholo kukaona ngati zonse zili m'malo. Eni holo anali ataika alonda awiri pageti, anthu achilendo kwa onse. Chakudya chinali chowerengera mbale, ndipo a Levulo ankaopa kuti anthu 60 aja angabwere ndithu nkuwachititsa manyazi pamaso pa akuchimuna.

"Wopanda khadi asalowe," anawauza alondawo, chala chili m'mwamba. "Anthu anga ndikuwadziwa, ali ndi pakamwa pokoma. Wina adzati ndine mlamu wake, wina ndine mchemwali wake. Ngakhale anene kuti ndi amayi anga, musamve."

Potuluka m'tchalitchi zinadziwika kuti zipi ya diresi lachiwiri la mkwatibwi, losinthira kuholo, yathothoka. Achemwali sanadikire kupemphedwa. Analipinda nkuliika m'chikwama. "Tsogolani, makina anga ali pafupi. Ndikupezani ndi minibasi." Aliyense anakwera galimoto, ndipo palibe amene anaganiza kawiri.

Kuholo zinthu zinayenda ngati pa mzere. A Levulo anaona azimayi akuchimuna akupatsirana khadi, akulisisita ndi zala. Bambo a mnyamata anabwera okha kudzafunsa kumene anasindikizitsa. Foni anali ataitseka mawu nkuiika m'thumba la jekete. Mkwatibwi atatuluka ndi diresi lachiwiri lija, zipi ili bwinobwino, anadziwa kuti Achemwali afika, ndipo anangoti ali kumbuyo kwinakwake, akulongosola zinthu monga mwa masiku onse.

Nthawi yawo yolankhula itakwana anagwira maikolofoni ndi manja awiri. Anathokoza akuchimuna, anathokoza abusa, kenaka analoza mkwatibwi.

"Mwana uyu ine ndinangomubereka. Amene anamulera ali muno. Achemwali, taimirirani anthu akuoneni."

Anthu anayamba kuwomba m'manja akutembenuka uku ndi uku. Palibe anaimirira. Kuwombako kunachepa, nkutha. Mtsikana wina woperekera zakudya ndiye anayandikira nkuwanong'oneza kuti diresi lija analandira iye pageti, kwa mayi wina amene alonda anamukaniza kulowa.

A Levulo anasiya maikolofoni patebulo osamaliza. Akuthamangira kunja anatulutsa foni, napeza kuti Achemwali anawaimbira katatu.

"Mayi a nsapato zakuda aja?" anatero mlonda wamkulu. "Anakhala pakakhoma apo pafupifupi maola awiri. Achoka posachedwapa. Ankati ndi achemwali anu, koma paja munanena nokha, bwana."

Munthuyo anali atagwira ntchito yake mowongoka, monga iwo ankafunira. A Levulo anawaimbira foni Achemwali ali pagetipo.

"Ndatsala pang'ono kufika kunyumba, achimwene," anatero Achemwali ndi mawu odekha. "Mutu wandipweteka ndi dzuwa. Bwererani kwa alendo anu. Diresi lamukwana?"

"Lamukwana. Ndikutumizireni galimoto, chonde."

"Ayi, ndavula kale nsapato mumtima. Musamulize mwana pa tsiku lake."

Koma mwanayo analira ndithu, m'chipinda chosinthira, mpaka zodzola zonse zinachoka. Bambo ake atalowa sanakalipe. Anangoti, "Bambo, paja ndinakufunsani," ndipo mawu amenewo anawapweteka kuposa kutukwanidwa.

Lolemba m'mawa a Levulo sanatsegule shedi. Anapita kwa mayi wosindikiza uja.

"Alendo anayamikira?" mayiyo anafunsa mwansangala. "Kapena mwabwera kudzakwatitsa wina?"

"Ndikufuna khadi limodzi. Longa omwe aja."

"Limodzi? Bambo, chidindo cha golide chija ndiyenera kuchimanganso pamakina, nditenthetse, ndiwononge mapepala oyesera. Limodzi likudyerani mtengo wa makhadi khumi ndi asanu. Ndiponso ukwati unachitika kale."

"Ndikudziwa."

Mayiyo anafuna kuseka, koma ataona nkhope yawo anatenga cholembera nkufunsa dzina. A Levulo, munthu amene ankanenerera mtengo ngakhale wa misomali, analipira osatsitsa.

Lachinayi masana anafika kwa Achemwali, khadi lili m'thumba la mkati. Anawapeza akupalasa makina, mulu wa malaya a sukulu uli pambali. Anawalandira bwino, anawapatsa mpando, anaika madzi a tiyi pamoto. Panalibe mkwiyo uliwonse, ndipo zimenezo ndi zimene zinawalemera a Levulo. Akanakonda atakalipiridwa.

Ali okha m'chipindamo maso awo anapita pakabati. Pakati pa shelefu yapamwamba, pamalo aja, panali khadi lagolide. Anayandikira. Ngodya imodzi inali yopindika, ndipo pakati pake panali chidindo cha nsapato chimene wina anayesetsa kuchipukuta koma osatheka. Dzina lolembedwapo linali la mwini shedi.

"Ndinatola pageti," anatero Achemwali kumbuyo kwawo, akuika makapu patebulo. "Mwini wake anangoonetsa nkuligwetsa, anthu nkumaliponda. Chinthu chokongola chotere."

"Ndiye munali nalo khadi m'manja. Bwanji simunalowe nalo?"

"Mlonda wamng'ono uja anandiuzanso zomwezo, anandimvera chisoni. Anati mayi ingolowani, ife sitiwerenga mayina." Anathira tiyi mosathamanga. "Koma dzina silinali langa, achimwene. Ndikalowe pa ukwati wa mwana ameneyu ndi dzina la munthu wina?"

A Levulo anapisa m'thumba nkutulutsa envulopu ija. Anaipereka ndi manja awiri. "Ndinalakwa, Achemwali. Ndinakufufutani ndine, ndi pensulo yanga. Ndinkati inu simungadandaule."

Achemwali anapukuta manja pa epuloni, anatsegula, nkuwerenga dzina lawo pang'onopang'ono, milomo ikuyenda. Anawerenganso tsiku la ukwati ndi nthawi yofikira kuholo. Anasisita zilembozo ndi chala chimodzi.

"Lakongola," anatero. "Mwawononga ndalama."

"Ndichotse lakudalo, tiikepo limeneli?"

"Ayi, lisiyeni pomwepo. Limenelo ndi limene linandipeza pa tsiku lake."

Anabwezera khadi latsopanolo mu envulopu, anakoka kadilowa ka makina osokera kamene ankasungamo mabatani ndi singano zothyoka, nkuliika m'menemo. Kenaka anawakankhira a Levulo mbale ya shuga.

"Imwani tiyi, achimwene, akuzizira."