Galimoto Yozimira Amayi Okha

Galimoto ya amayi inkazima yokha pamsewu, koma inkazimira iwo okha. Ine ndimakonza zamagetsi a galimoto, ndipo pa zaka khumi ndi zisanu zimene ndakhala ndikugwira mawaya sindinaonepo galimoto yosankha munthu. Ndikaiyendetsa ine, inkayenda ngati yangotuluka kumene m'sitolo. Akaitenga amayi, sipankatha masiku awiri foni isanalire: "Mwanawe, yazimanso. Ndili pahampu ya kuchipatala ija, anthu akundiimbira mahutala."

Vutoli linayamba galimotoyo itachokera kukampani imene inatigulitsa. Anatumiza kalata yoti magalimoto onse a mtundu umenewu abwerere kwa iwo, chifukwa mawaya opita kupampu ya mafuta, amene amadutsa pansi pa mpando wa woyendetsa, ankakhulana ndi chitsulo ndipo akanatha kubutsa moto. Anakonza ulere n'kudinda chidindo m'kabuku. Nditasuzumira pansi pa mpandowo ndinaona mawaya atavekedwa kapaipi katsopano, atamangidwa bwinobwino ndi kalamba kapulasitiki. Ndinagwedeza mutu, ntchito inali yaukhondo.

Itazima kachiwiri ndinaiika m'galaja mwanga. Ndinayeza batire, ndinazula mafyuzi onse n'kuwayang'ana padzuwa, ndinagwedeza pulagi iliyonse injini ikulira, mita yoyezera magetsi ili m'manja. Ndinakadumpha nayo hampu ya kuchipatala ija kasanu ndi kawiri, mpaka wogulitsa manyuzipepala pamenepo anayamba kundiyang'ana ngati wasokonekera mutu. Injini osatsokomola ngakhale kamodzi. Zinandikwiyitsa, komanso zinandikomera, chifukwa vuto lobisala ndi limene limakometsa ntchito yathu.

Kukampani tinabwererako katatu. Makaniko wawo anali mwamuna wamtali kwambiri, amayi anangomupatsa dzina loti Nsungwi. Iye ankalumikiza kompyuta, kuzungulira nayo tauni, n'kubwera atatambasula manja. Ulendo wachitatu, bambo wa pakauntala, amene amamwetulira ndi mano okha, anandikokera pambali.

"Achimwene, musandimve molakwa. Mayi athuwa ali ndi zaka zingati?"

"Zikukhudzana bwanji ndi mawaya anu?"

"Ayi, ndimangofunsa. Munthu akamakula, phazi limaterereka pakilatchi iye osadziwa. Kompyuta sinama, achimwene."

Ndinamuyankha mawu oti sindingawalembe pano. Koma pobwerera kunyumba mawu ake anali atandilowa ngati minga. Ndinakumbukira kuti amayi anaiwala ketulo pamoto mwezi wathawo, ndinakumbukiranso tsiku limene anandiitana ndi dzina la malemu bambo. Achemwali anga nditawauza pafoni anangoti, "Ukudikira chiyani, kuti lole iwaombe kumbuyo?"

Lamlungu lake ndinawapempha makiyi. Amayi anagwira ntchito ya unamwino moyo wawo wonse, ndipo anayamba kuyendetsa galimoto ine ndisanamere mano. Lachitatu lililonse ankapita kutsidya kwa tauni kukasambitsa akulu awo, amene sadzukanso pabedi. Ndinkayembekezera mkangano, koma sanakangane. Anachotsa kiyi ya galimoto pamphete ya makiyi pang'onopang'ono ndi chikhadabo, n'kuiika patebulo.

"Sindinaiwale kuyendetsa," anatero.

"Ndikudziwa, amayi. N'kwa kanthawi chabe."

Tonse tinkadziwa kuti ndikunama. Masabata atatu anayenda pamabasi awiri ndi mawondo awo otupawo, ndipo Lachitatu lina sanapite n'komwe.

Galimoto inakhala pakona m'galaja mwanga, koma sinandipatse mtendere. Munthu amene phazi lake laterereka amazimitsa injini ponyamuka, osati ali kale pa giya yachiwiri. Mfundo imeneyi inkandizunguza mutu ngakhale ndili pansi pa galimoto za eni.

Tsiku lina masana ndinailizanso, ndinatsegula boneti, n'kumangoyang'ana manambala a pamita. Amayi anatulukira pakhomo la galaja, akuti abwera kudzatenga magalasi awo owerengera amene anawasiya m'galimoto. Anatsegula chitseko, anakhala pampando wawo, ndipo dzanja linapita lokha pansi monga linazolowera.

"Amuna inu nonse n'chimodzimodzi," anadandaula. "Aliyense akakwera amandikankhira mpando kumbuyo, wobwezera palibe."

Anaukoka mpaka kumapeto, khethe! Injini inatsokomola kawiri n'kuzima.

Nditazungulira boneti ndinawapeza atakweza manja m'mwamba, maso ali tong'o. "Sindinakhudze kanthu, mwanawe. Zoona sindinakhudze kanthu."

Sindinawaonepo amayi anga ali ndi mantha otero, ndipo amene ankamuopayo ndinali ine.

Ndinagwada pansi ndi tochi. Kalamba kapulasitiki kaja sanakamangirire pansi pa galimoto ayi, anakamangirira kuchitsulo cha mpando chimene chimayenda. Mpando ukakhala kumbuyo, mawaya ankagona mwaufulu. Ukapita kutsogolo kwenikweni, kumene amafika munthu wamfupi yekha kuti aponde kilatchi, mawaya ankakungika ngati chingwe choyanikira zovala, pulagi ya pampu n'kutsala pang'ono kuzuka. Hampu imodzi inkakwana kumalizitsa. Ine ndi Nsungwi tinafufuza miyezi iwiri, ndipo nthawi iliyonse chinthu choyamba chimene tinkachita tikakwera chinali kukankha mpando kuti miyendo ikwane. Tinkachotsa vutolo ndi manja athu tisanayambe kulifunafuna. Paja amati safunsa anadya phula: ndinafunsa batire, ndinafunsa mafyuzi, koma mwini wake sindinamufunse kuti amakhala bwanji m'galimoto mwake.

Kalambako sindinakadule. M'mawa mwake tinapita kukampani, ndipo titafika amayi anakokeranso mpando kutsogolo. Nsungwi atangotsegula chitseko, dzanja lake linathamangira pansi pa mpando.

"Usiye pomwepo, mwananga," anatero amayi. "Lero uyendetse uli pamalo panga."

Nsungwi anadzipinda mpaka mawondo anagunda chiwongolero, anayenda pang'ono, ndipo pakahampu ka pageti pawo pomwe injini inazima. Anatsika, anagwada, anasuzumira nthawi yaitali. Podzuka sanadziteteze, ndipo ndinamulemekeza chifukwa cha chimenecho.

"Bwana," anatero Nsungwi poitana wa pakauntala uja, "ndamanga magalimoto angati chonchi? Tiwaimbire onse, makamaka azimayi amene anabwera kudzadandaula aja."

Wa pakauntala anasowa poika mano ake.

Kukonza kwake sikunathe mphindi khumi. Panja ndinatulutsa kiyi m'thumba n'kuwapatsa amayi ndi manja awiri. Iwo anabwezera kiyiyo pamphete, anakoka mpando wawo, ndipo ine ndinakhala mbali ya wokwera. Pamphambano sanakhotere kunyumba, analunjika kutsidya kwa tauni, ngakhale silinali Lachitatu. Hampu ya kuchipatala ija anaikwera mofatsa, injini ikung'ung'udza bwinobwino.

"Mukanandikalipira, amayi," ndinatero. "Bwanji munangondipatsa makiyi osalimbana nane?"

Sanachotse maso pamsewu.

"Iwe ndiwe mmisiri, mwanawe. Utanena kuti galimoto ilibe vuto, ndinayamba kuwerenga mapiritsi a akulu anga mobwerezabwereza ndisanawamwetse. Ndinali nditakukhulupirira."