Kaseti Yogonetsa ya a Fanwell

A Fanwell Mvula anali mkulu wa mpingo ku Zemba, ndipo sankalola munthu kuiwala kuti agogo awo anabatizidwa ndi mzungu wa mishoni anthu ena onse akadali mumdima. Koma Mulungu, amene amagawa mphatso monga afunira, anawamana imodzi. Akangoima pagome kuti alalikire, maondo ankagundana, Baibulo linkanjenjemera m'manja, lilime n'kuuma gwa. Ulendo womaliza anawerenga vesi, n'kuyang'ana anthu, n'kunena kuti, "Tipemphere." Ulaliki unathera pomwepo.

Akulu anzawo anawauza mwaulemu kuti awapatsanso Sabata limodzi. Zikakanika, gawo lawo lolalikira lipita kwa a Manuele. A Manuelewa anachokera ku Mozambique nthawi ya nkhondo atasenza mphasa ndi khasu lopanda mpini, ndipo nkhondo itatha sanabwerere. Analowa kalasi ya ubatizo ali ndi imvi kale. Koma akatsegula pakamwa, ngakhale ana ankasiya kutsinana.

"Munthu wobwera dzana ndi mphasa," anadandaula a Fanwell kunyumba, "akakhale pampando wa agogo anga?"

"Agogo anu anakusiyirani mpando," anayankha akazi awo, a Lonia, "koma pakamwa anapita napo kumanda."

A Fanwell anapalasa njinga mpaka kuboma kukagula jekete yaikulu yasalaula, yovalidwapo kale, poganiza kuti kunjenjemera kungabisike m'kati mwake. Atafika kunyumba anapeza kaseti m'thumba la m'kati. Anaiika m'wailesi, ndipo munatuluka mawu a mzungu, ofewa ngati a munthu wonyengerera mwana kumwa mankhwala. Popeza a Fanwell anagwirapo ntchito ya ukalaliki kukhonsolo, Chingerezicho anachimva. Mzunguyo ankaphunzitsa munthu kudzigoneka yekha: kugona chagada, kutseka maso, kupuma pang'onopang'ono, kulola miyendo kulemera, ndipo ukafika pakati pa tulo ndi maso, kumadziuza kuti ndiwe munthu wolimba mtima.

"Bambo a Misozi," anatero a Lonia ataima pakhomo, "mwini jeketeyo anamwalira, n'chifukwa chake yafika kuno. Inu mukumvera mawu a maliro."

"Ndi sayansi iyi, mayi a Misozi. Azungu ophunzira amachita zomwezi asanalankhule pagulu."

"Sayansi yonong'ona? Wonong'ona ndimamudziwa mmodzi, njoka ija, ndipo anayambira m'munda muja."

A Lonia anali mayi wa Chigwirizano, ndipo sakanalola mlendo wosabatizidwa kulankhula yekha m'nyumba mwawo. Motero masana aliwonse, amuna awo akagona pamphasa ndi wailesi pambali pa khutu, iwo ankakhala pakhomo ndi lichero la mtedza, n'kuyamba nyimbo. Anasankha ija timaimba ulaliki usanayambe, yopempha Mzimu kuti atsike, poti ndiyo yamphamvu. Ankaiimba mokoka, mavesi onse, n'kuibwerezanso.

Mzungu ankati munthu aziganiza kuti akutsika masitepe. A Fanwell masitepe anawaonapo ku Chipata kokha, choncho iwo ankatsetserekera kudambo. Ankamva mapazi akulowa m'matope ozizira, mtima n'kukhala pansi. "Ndine wolimba mtima," ankadziuza choncho. "Ndine mdzukulu wa mlaliki." Kawirikawiri sankafika pa mawu akuti mlaliki.

Mabatire anayamba kutha mphamvu, mzungu n'kumalira ngati ng'ombe yotopa. Anawayanika padenga kuti dzuwa liwadzutse, koma tsiku lina anafa ndithu. A Fanwell anagona pamphasa chimodzimodzi, a Lonia anayamba nyimbo yawo, ndipo vesi lachiwiri lisanathe abambo anali kale kudambo. Podzuka anasangalala kwambiri.

"Mwaona? Tsopano ndikutha ndekha. Mzungu sindikumufunanso."

"Ndamuthamangitsa ndine," anatero a Lonia. Aliyense anagona usiku umenewo akudziwa kuti wapambana.

Sabata lija tchalitchi chinadzaza, poti anthu amakonda kuona munthu akugwa kuposa kumva mawu. A Fanwell analowa m'jekete yawo yofika m'maondo. Anapuma pang'onopang'ono, napemphera pemphero lotsegulira bwinobwino. Anawerenga mawu osaphonya. Amayi anayamba kugundana zigongono, ndipo a Lonia anakweza mutu.

Kwathu mwambo wake ngwakuti mlaliki asanayambe, amakhala pampando kuseri kwa gome ataweramitsa mutu, mpingo n'kumuimbira nyimbo yopempha Mzimu. A Fanwell anakhala. Anatseka maso. A Ebelesi, oyambitsa nyimbo, anaikoka bwino lomwe, mpingo wonse n'kulandira.

Nyimbo inatha. A Fanwell sanadzuke. Anthu anadikira mwaulemu, ena akudabwa kuti bambowa pemphero lakuya chotere analiphunzira liti. Kunja mbuzi inalira. Kenaka kuseri kwa gome kunamveka mkonono, woyamba waung'ono, wachiwiri wamtendere ngati wa munthu amene wakolola kale. A Lonia anakokera mpango wawo woyera kumaso.

A Samuel, mlembi wa mpingo, anatsokomola. Anatsokomolanso mwamphamvu. Koma kugwedeza mkulu wa mpingo pamaso pa ana kunali kovuta, ndipo palibe anafuna kukhala woyamba. Potsiriza a Manuele anaimirira, nayandikira, n'kunong'ona kuti, "Akulu." Akulu anamwetulira m'tulo. A Manuele sanakwere pagome. Anaima pansi, pafupi ndi benchi ya ana.

"Abale anga, musaseke," anatero. "Ine ndinakhala zaka ndisakudziwa tulo. Tinkagona m'tchire diso limodzi lili maso, mwana atatsekedwa pakamwa kuti asalire. Munthu akathyola kamtengo, mtima unkathawa kusiya thupi. Lero ndaona munthu akugona pakati pa gulu, khosi lili pamtunda, osaopa kanthu. Kodi mukudziwa kuti dziko lanu ndi lodala? Kodi munathokozapo Mulungu chifukwa cha tulo?"

Analankhula za Mbusa amene sagona kuti nkhosa zigone. Amayi ena analira, makamaka ochokera kutsidya kwa malire. Mkonono unkavomereza apo ndi apo.

Mpingo utanena kuti ameni, a Fanwell anatsegula maso. Anaimirira mwakachetechete, nakonza jekete, nayang'ana anthu ndi nkhope yowala. Mbale ya chopereka inali ikuyenda kale.

"Abale ndi alongo," anayamba, mawu ali zii, manja osagwedezeka, "mawu athu a lero akutichenjeza za ulesi."

Ndipo analalikira. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo analalikira mpaka kumapeto, ndipo mapetowo anali kutali. Dzuwa linapendeka, ana analira njala, a kumudzi wakutali wa Mlolo anatuluka mmodzimmodzi kukatenga njinga zawo. A Fanwell sanaone chilichonse. Anali odekha kwambiri.

Akulu a mpingo anakumana pansi pa mtengo wa mango. Sanachedwe. Gawo lolalikira linapita kwa a Manuele.

"Koma a Samuel," anatero a Fanwell, "nenani zoona pamaso pa Mulungu. Kodi ndinanjenjemera?"

"Ayi, akulu. Ngakhale pang'ono. Tchalitchi ndicho chinkanjenjemera."

A Manuele anawagwira dzanja ndi manja awiri. A Fanwell analandira dzanjalo mochedwa, koma analilandira.

Sabata lotsatira a Manuele anakhala pampando kuseri kwa gome, naweramitsa mutu. A Ebelesi atangokoka mpweya kuti ayambe, a Fanwell anatuluka msangamsanga, nakaima padzuwa zala zili m'makutu. Nyimbo itatha analowa, nakhala pabenchi ya akulu, ndipo anamva ulaliki wonse wa munthu wobwera ndi mphasa uja, kuyambira poyamba mpaka pa ameni.