Chidutswa Chachinayi

"Atatu okha?" anafunsa wokonza makompyuta, akuyang'ana mafulashi amene Namwino anali atawayala pa tebulo.

"Atatu. Yanga, ya achimwenewa, ndi ya mng'ono wanga."

Achimwene ake anaima pakhomo la kashopuko akuseweretsa makiyi a galimoto, ngati kuti wina anawakoka ndi chingwe kuti abwere. Maliro a bambo awo anali atangoikidwa kumene, ndipo mawu a onse awiri anali adakali osasa.

Bambowo aliyense ankawatcha Ajambule. Moyo wawo wonse unathera kuseri kwa kamera: maukwati, makanda, tizithunzi ta pa ziphaso. Chaka china denga la situdiyo yawo linadontha, makatoni a zithunzi n'kuola. Mkuluyo analira ngati wafedwa. Zimene zinapulumuka anazilowetsa m'kompyuta, nagula pulogalamu ina yake yotsendera chimbale chathunthu cha zithunzi kuti chikhale fayilo imodzi yaing'ono. Fayiloyo anaidula zidutswa, mwana aliyense n'kumupatsa chake pa fulashi. "Musunge," anatero. "Ndipo wina asayerekeze kuikamo nyimbo." Kenaka kompyutayo inapsa ndi magetsi, mwini wake n'kuyamba kudwala.

Tsopano mayi awo ankafuna chithunzi chimodzi chokha. Pa zithunzi zonsezo, Ajambule ankaonekamo m'chimodzi basi, cha tsiku la ukwati wawo, chimene mnzawo wina anawajambula atawalanda kamera. Ena onse anali ndi nkhope zawo pa makoma a nyumba zawo, koma mkazi wa wojambula analibe nkhope ya mwamuna wake.

"Mtundu wa fayilo umenewu ndi wovuta, achemwali," anatero wokonza makompyuta uja. "Kampani imene inaupanga inaumanga mwakuti uzitsegulidwa ndi pulogalamu yawo yokha. Ndiye kampaniyo inatseka kalekale."

"Ndiye basi?"

"Dikirani. Ndili ndi kapulogalamu kotembenuzira. Tikaisandutsa fayilo wamba, itseguka paliponse."

Analowetsa mafulashiwo mmodzimmodzi. Kamzere kobiriwira kanayamba kuyenda pa galasi, pang'onopang'ono, ndipo Namwino anazindikira kuti akupemphera chamumtima. Kanadutsa pakati, kanayandikira kumapeto, kenaka kanangoti zii. Panatuluka kabokosi.

"Ikufuna chidutswa chachinayi."

"Chachinayi chiti? Ife tilipo atatu!" anatero achimwene, akulowa m'kati tsopano. "Yesaninso, bwana."

Anayesanso, kamzereko n'kuima pomwe paja. Wokonzayo anavula magalasi n'kutikita m'maso.

"Bambo anu anadula panayi. Tsoka lake, mndandanda wosonyeza kuti chithunzi chiti chili pati umakhala m'chidutswa chomaliza. Zili ngati thumba lotsendera kwambiri, msoko wake uli kumeneko."

"Simungaling'ambe pambali, titolepo zimene zingatuluke?" anachonderera Namwino.

"Ndikanatha ndikanachita. Zotsendera zikang'ambika pamatuluka zinyalala zokhazokha. Pepani ndithu."

M'galimoto achimwene anayamba kuwira. "Ndi mzime uja. Bambo ankamukonda, anamupatsa awiri, ina wataya. Munthu wotaya ngakhale nsapato ali nayo kuphazi!"

Mtima wa Namwino unali kwa mayi, amene m'mawa uja anapukuta kale khoma la pabalaza poti apachikepo chithunzicho.

Kunyumba mipando inali idakali yokankhidwira kukhoma kuchokera tsiku la maliro. Mng'ono wake atamva mlandu umene anamusenzetsa, anadumpha.

"Ine? Inuyo achimwene yanu munaipeza m'bokosi la masipanala, itadzola girizi, lero mukunena ine?"

"Usandiyankhe choncho iwe!"

"Abale inu, tiyeni tingofunafuna," anatero Namwino motopa.

Anakhuthula madirowa, anapisa m'matumba a makamera, anagwedeza nsapato za malemu imodziimodzi. Anapeza mabatire akufa, zivindikiro za magalasi ndi tinsalu topukutira. Fulashi munalibe.

Mayi anatulukira kuchipinda atagwira khoma. "Kodi mukusakasaka chiyani, mpaka nyumba yonse kuizondotsa?"

"Kafulashi, amayi. Konga aka, koma kachinayi."

Mayi anakayang'ana kamene kanali m'manja mwa Namwino. "Kakuda? Kaja ankayenda nako bambo anu?"

Onse atatu anawunjikana pa iwo. "Eya, amayi! Kali kuti?"

"Ndinawaikira m'thumba la jekete."

"Jekete iti?"

"Imene avala."

Mayi anayang'ana ana awo mmodzimmodzi, kudabwa kuti nkhope zagwa chifukwa chiyani.

"Nanga si sankatuluka opanda iko? Ankati akafika pa msewu, n'kugwira pamtima, kukapanda kukhalapo ankabwerera. Ine n'kumati, 'Kodi ndi mkazi wachiwiri kameneko?' Iwo amvekere, 'Ana akadzafuna zinthu zawo, adzabwere onse pamodzi kwa ine.' Ndiye ulendo wautali ngati umenewu, ndikanawalola bwanji apite opanda iko?"

"Ndiye tikafu..." Achimwene sanamalize. Anadzigwira okha pakamwa n'kukhala pansi, pa simenti pomwepo. Mng'ono uja anayamba kulira mosatulutsa mawu.

"Koma atatuwa akwanira, eti?" anafunsa mayi, akuyang'ana Namwino. "Ine sindikufuna zambiri. Chimodzi chokha chija."

Ku chipatala Namwino anali atauzapo mabanja ambiri nkhani zoipa, ndipo ankadziwa poyambira ndi poimira. Lero lilime linakana. Anafuna kunama, kunena kuti tiyesa kwina, koma kwina kwake kuti? Anamva chisoni chimene sanachimve ngakhale kumanda.

"Sizitheka, amayi. Popanda kameneko, sizitseguka."

"Mpaka kalekale?"

"Mpaka kalekale."

Mayi anapukusa mutu, akumwetulira mowawa. "Munthu ameneyu! Ngakhale lero wathawa kamera."

Anadzuka n'kukoka katani ya pawindo kuti kuwala kulowe. Anagwira mwana wawo wamwamuna paphewa, namudzutsa, namukhazika pa sofa pakati pa alongo ake. Anakonza kolala yake. Anapukuta misozi ya mzime ndi chala chachikulu, nakankhira mapewa a onse atatu pamodzi mpaka anagundana. Atafika pa Namwino anamugwira chibwano ndi zala ziwiri, n'kuchipendeketsa pang'ono cha kuwindo.

"Bambo anu ankatero," anatero mayi.

Anabwerera m'mbuyo, natsinzina diso limodzi, n'kuima pamenepo akuwayang'ana. Anawo sanasunthe.